Thandizo la Nyengo Lafika Kunyanja, Koma Chikwama Chili ndi Yani?

Zaka 10 zakwana chivomerezereni pangano la ku Paris, lija la mu Disembala 2015, pamene mayiko analonjezana kuchepetsa utsi wotenthetsa dziko ndi kuthandiza mayiko osauka kupirira kusintha kwa nyengo. Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Chintheche safuna wowawerengera m'buku zimene zachitika m'zaka zimenezi. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pa muyeso wa akatswiri a zamadzi, ndipo mchenga woyera umene alendo amauyendera ulendo wautali unamira m'malo ambiri. Madzi anafika m'tsinde mwa mitengo, m'minda ya kumunsi ndi m'makhonde a nyumba zogona alendo. Chaka chomwecho madzi osefukira ku Dwangwa anadula msewu wa M5, umene usipa wathu umadzera popita ku Salima ndi ku Lilongwe. Mu 2022 kolera inavuta m'boma la Nkhata Bay, makamaka kumadoko a asodzi cha ku Tukombo. Kum'mwera, namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, ena oposa 650,000 n'kusowa pogona, ndipo boma linawerengera kuti pakufunika madola pafupifupi 680 miliyoni kuti zinthu zibwerere mwakale.

Amene anayatsa motowu si ife. Africa yonse imatulutsa mpweya wa kaboni wosafika 4 peresenti ya umene dziko lonse limatulutsa, ndipo wa Mmalawi mmodzi pa chaka sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a umene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa. Mfundo imeneyi yanenedwa m'misonkhano yonse mpaka yatopetsa, ndipo palibenso amene amaitsutsa. Imene sinenedwa mokweza ndi ina. Ndalama zothandiza pa nkhani ya nyengo zakhala zikubwera ndithu, zina za maboma, zina za anthu olemera ndi mabungwe awo achifundo. Koma amene amagwira chikwamacho, amene amasankha kuti vuto la Chintheche ndi liti ndipo mankhwala ake ndi ati, kawirikawiri amakhala ku London, ku New York kapena ku Geneva, ndipo ambiri mwa iwo ndi azungu. Amene madzi akuwalowera m'nyumba ndi anthu akuda. Ife Amalawi nkhani ya khungu timaizemba, poopa kuoneka osayamika kapena amwano kwa mlendo. Tikuona kuti nthawi yoitchula yakwana, mwaulemu koma mosabisa mawu.

Kunja anzathu anayamba kale kuitchula. Mu Januwale 2020 ku Davos, bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linatulutsa chithunzi cha atsikana olimbikitsa za nyengo, koma litadulamo Vanessa Nakate wa ku Uganda, n'kusiya anzake anayi achizungu, kuphatikizapo Greta Thunberg. Linapepesa pambuyo pake, koma dziko linali litaona kale. Ku America nako, kafukufuku wa sukulu ya The New School anapeza kuti pa ndalama zoposa madola 1 biliyoni zimene mabungwe 12 akuluakulu achifundo anapereka ku ntchito za chilengedwe m'zigawo ziwiri za dzikolo, 1.3 peresenti yokha ndiyo inapita kwa magulu omenyera chilungamo m'madera a anthu akuda ndi osauka, omwe ndiwo amakhala pafupi ndi mafakitale a utsi. N'chifukwa chake mu 2021 gulu la Donors of Color Network linayamba kukakamiza mabungwe achifundo kulonjeza poyera kuti 30 peresenti ya ndalama zawo za nyengo izipita kwa magulu otsogozedwa ndi anthu omwe si azungu, ndiponso kuti aziulula ziwerengero zawo. Ena anasaina, ena akuluakulu anangoti zii.

Za kuno kwathu ziwerengero zake n'zofanana. Lipoti la 2021 la Bridgespan ndi African Philanthropy Forum linaonetsa kuti pa mphatso zikuluzikulu zimene opereka a kunja anapereka ku ntchito za mu Africa pakati pa 2010 ndi 2019, 14 peresenti yokha inalowa m'mabungwe a eni nthaka. Chochititsa manyazi n'chakuti olemera a mu Africa momwemo anapereka kwa mabungwe a kwawo 9 peresenti yokha. Ku Istanbul mu 2016 opereka thandizo la pangozi analonjeza kuti pofika 2020, gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zawo lizipita kwa mabungwe a m'mayiko okhudzidwa. Chaka chimenecho chinafika n'kudutsa, zopita mwachindunji zikadali pang'ono zedi. USAID ya boma la America nayo inalonjeza 25 peresenti pofika 2025, koma inali ikuzungulira pa 10 peresenti pamene inkayandikira kutsekedwa.

Chintheche nkhani iyi akuidziwa kuyambira kale, nyengo isanakhale nkhani. Mu 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Robert Laws, anasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika ku Bandawe. Anabweretsa sukulu ndi chipatala, ndipo Atonga anazilandira ndi manja awiri, mpaka anatchuka m'chigawo chonse chino cha Africa ngati makalaliki, aphunzitsi ndi akapitawo. Limenelo linali thandizo lenileni, lochokera m'matumba a Akhristu a ku Scotland, ndipo zipatso zake tikudyabe. Koma taonani zimene zinatsatira. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera lino, ambiri mwa iwo otopa ndi kudikira zaka kuti mishoni iwavomereze, ndipo boma la atsamunda linamuthamangitsa m'dziko. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia anadzozedwa mu 1914, patapita zaka zoposa 30 chifikireni mishoni ku Bandawe. Mmodzi mwa iwo, Yesaya Zerenji Mwasi, anatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wa anthu akuda kuno ku Utonga, atatopa ndi kuyesedwa mwana pa ntchito imene ankaidziwa. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, wophunzira wa mishoni yomweyo, anakayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, lomwe linagwedeza South Africa yonse. Anthu amenewa sanakane sukulu, sanakane mankhwala. Anakana kuti wopereka akhale yekha pampando mpaka kalekale. Nawonso maloto a fakitale ya mapepala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche kuti izigaya mitengo ya paini ya ku Viphya anapangidwira kutali, ndipo fakitaleyo sinaoneke mpaka lero.

Tisanapitirire, tiyamikire zimene zayenda bwino, chifukwa zilipo. Bungwe la Ripple Africa, limene Geoff ndi Liz Furber a ku Britain analiyambitsa mu 2003 ku Mwaya, kum'mwera kwa Chintheche, lakhala pano zaka zoposa 20, ndipo zimenezi zokha zikulisiyanitsa ndi ambiri amene amabwera ndi galimoto zoyera n'kuzimiririka pakatha zaka zitatu. Mbaula yake ya Changu Changu Moto ndi chinthu chimene mungachione ndi maso m'makhitchini ambiri a m'boma lino. Mayi amaumba yekha njerwa zadothi, amazisanja pansi m'khitchini, n'kumata ndi dothi lomwelo, kusiya pakamwa polowetsa nkhuni ndi mabowo awiri pamwamba, pena pa mphika wa kondowole, pena pa ndiwo. Palibe chitsulo chogula, palibe simenti. Ikang'aluka amaimata yekha. Tinkhuni tating'ono timene pa mafuwa atatu sitikanapsetsa kanthu, pamenepa timakwanira, ndipo bungwelo limati banja limene linkatha mitolo itatu pa sabata tsopano limatha umodzi. Ntchito yake yoteteza nsomba, imene inayambira m'boma lino n'kufalikira ku Nkhotakota ndi ku Salima, inaika mphamvu m'makomiti a m'midzi, mafumu ndi khonsolo, kuti eni doko okha azilanda maukonde a udzudzu ndi kulondera malo oswanirana chambo. Kumpoto kwa boma, cha ku Usisya, bungwe la Temwa lochokera ku Bristol lagwiranso ntchito za nkhalango ndi ulimi kwa zaka zambiri. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa mawuwo anapherezera.

Palinso zina zolimbitsa mtima. Ku msonkhano wa COP26 ku Glasgow mu 2021, boma la Scotland linakhala loyamba kuika ndalama, mapaundi 2 miliyoni, pa zimene mayiko osauka ataya ndi kuonongekeredwa chifukwa cha nyengo, ndipo mabungwe asanu achifundo anaonjezerapo madola 3 miliyoni. Zinali ndalama zochepa, koma zinatsegula khomo limene mayiko olemera analitseka kwa zaka 30, ndipo chaka chotsatira ku Sharm el-Sheikh thumba lapadera la nkhaniyi linavomerezedwa. Freddy atadutsa, ndalama zina za Scotland zinaperekedwa kudzera ku GiveDirectly kwa mabanja a ku Nsanje, pafupifupi madola 750 banja lililonse, pa foni, popanda wowauza chogula. Ambiri anamanga nyumba kumtunda. Palibe amene anafunikira maphunziro a masiku atatu kuti adziwe kuti chimene akusowa ndi denga. Mu 2021 Mmalawi mnzathu Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman chifukwa cholimbana ndi mapepala apulasitiki opyapyala. Ku msonkhano wa nyengo wa ku Baku mu 2024, amene ankayankhulira gulu lonse la mayiko osaukitsitsa anali Mmalawi, Evans Njewa, ndipo gululo linatuluka m'chipinda cha zokambirana litaona kuti silikumvedwa. Anthu odziwa ntchito tili nawo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndalama siziwafika mwachindunji? Yankho lili m'kachitidwe, ndipo ndi bwino tikaone pafupi. Tengani gulu la amayi oyanika usipa pa doko lililonse pakati pa Chintheche ndi Kande. Madzi atakwera anamiza matandala awo, ndipo akudziwa chimene akufuna: malo okwera, matandala atsopano, chimbudzi choti chisadzasefukire m'nyanja mvula ikadza. Kwinakwake kunja kuli bungwe lachifundo limene lalengeza kuti lili ndi ndalama za ntchito ngati imeneyi. Chilengezocho chili pa intaneti, m'Chingerezi cha ku yunivesite. Fomu yake ndi ya masamba ambirimbiri, ndipo imafuna satifiketi ya kulembetsa, malipoti a oditi a zaka zingapo, akaunti ya ku banki, ndondomeko zolembedwa za kayendetsedwe ka bungwe, ndi munthu woti ayankhe mafunso pa Zoom. Amayi aja ali ndi kope limodzi la masamu a banki mkhonde, losungidwa bwino m'jumbo, lopanda cholakwika ngakhale tambala imodzi. Koma kopelo silikwana pa fomu. Motero ndalama zimapita ku bungwe lalikulu la kunja, limene limatapapo za ofesi yake ya ku Ulaya, n'kupatsira ofesi ya ku Lilongwe, imene imatapapo za malipiro, galimoto ndi mafuta, n'kulemba ganyu kabungwe ka ku Mzuzu kapena ku boma, komwe kamapatsidwa ndalama za ntchito yokhayo popanda za lendi kapena za magetsi. Pofika pa doko, chatsala ndi msonkhano wa tsiku limodzi, botolo la Fanta, malaya olembedwa dzina la pulojekiti ndi chithunzi. Amayi aja amalowa mu lipoti ngati opindula. Bungwe la IIED linayerekeza mu 2017 kuti ndalama za nyengo zimene zimalunjika ku madera enieni sizifika 10 peresenti, ndipo amene wakhalapo pa doko sangadabwe nazo.

Palibe amene analemba penapake kuti munthu wakuda asapatsidwe ndalama. Tsankho la masiku ano silifuna chikwangwani. Limakhala m'funso lakuti wokhulupirika ndani. Mnyamata wachizungu amene wabwera kudzaona nyanja, n'kukhudzidwa mtima, akabwerera kwawo amatha kusonkhanitsa ndalama kwa abale, kutchalitchi ndi kwa anzake a kusukulu, n'kulembetsa bungwe m'miyezi yowerengeka, chifukwa opereka amamuona ngati mwana wawo. Mtsikana wa ku Chintheche amene anaphunzira za nsomba kapena za nkhalango ku Mzuzu University, wodziwa Chitonga, wodziwa mfumu iliyonse ndi doko lililonse, amauzidwa kuti bungwe lake liyambe lakula kaye, aphunzitsidwe kaye kasungidwe ka ndalama. Onse awiri angakhale ndi mtima wabwino mofanana. Kusiyana kwawo n'kwakuti wina amayamba akukhulupiriridwa, wina amayamba akukayikiridwa. Ndipo akalembedwa ntchito m'bungwe limodzi, si zachilendo kuti wina azilandira madola ndi nyumba, wina makwacha amene mu Novembala 2023 anagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi.

Nzeru nazo zimayesedwa ndi sikelo yomweyo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndi malamulo ake, alonda ake ndi zilango zake, popanda dona aliyense. Lero akatswiri a kunja amapita kukaphunzira kumeneko, n'kulemba mabuku. Msodzi wa chilimira wa ku Chintheche amadziwa kuti mwera wasintha kabweredwe kake, amadziwa kuti usipa tsopano akuutsata kutali kuposa kumene bambo ake ankafika ndi bwato, ndipo amadziwa mtengo wa mafuta a injini amene ulendo wotere umadya. Zimenezi zimasanduka nzeru zovomerezeka pokhapokha mlendo atazilemba m'Chingerezi, ndipo dzina la msodziyo silioneka paliponse.

Nkhani imene tikuiona kuti idzavuta kwambiri m'zaka zikubwerazi ndi ya malonda a kaboni. Kachitidwe kake n'kotere: mayi akaphika pa mbaula yosatha nkhuni, kapena mudzi ukasunga nkhalango, akatswiri amawerengera utsi umene sunapite kumwamba, n'kuusandutsa ziphaso zimene makampani a ku Ulaya ndi ku America amagula kuti azinena kuti alipira utsi wawo. Boma lathu linakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa malonda amenewa mu 2023. Pakhoza kukhala phindu, ndipo mabungwe ena oona mtima amalipirira ntchito zawo za m'midzi ndi ndalama zoterezi. Koma msikawu uli ndi zipsera. Kafukufuku wa yunivesite ya California ku Berkeley, wotuluka mu Januwale 2024, anapeza kuti ziphaso za mbaula padziko lonse zinkakokomeza kwambiri utsi wopulumutsidwa, mwina ka 9 kapena kuposa. Mu Okutobala chaka chomwecho boma la America linatsegulira mlandu amene anali mkulu wa kampani ya C-Quest Capital, pomuganizira kuti anasintha ziwerengero za mbaula, zina mwa izo za kuno ku Malawi. Funso lathu ndi la pakhomo. Mayi amene amaumba mbaula, kuimata ndi kuphikapo tsiku ndi tsiku ndiye mwini ntchito imene ikugulitsidwa. Kodi amauzidwa kuti chiphaso chake chagulidwa zingati, ndipo ndani wagula? Kodi pepala limene anadindapo chala linawerengedwa kwa iye m'Chitonga? Ngati ndalamazo zimabwerera kumudzi ngati mjigo kapena mbande za mitengo, zili bwino, koma aziuzidwa masamu ake, kuti adziwe kuti si mphatso koma malipiro a thukuta lake.

Tikaloza chala kunja kokha tikhala tikunama. Kuika munthu wakuda pampando sikuthetsa nkhani ngati munthuyo akuyang'ana msodzi ndi diso lomwe lija la bwana. Tili ndi gulu lathulathu la odya za madona, odziwa Chingerezi cha mapulopozo, amene amachoka ku Lilongwe Lachinayi kudzachita msonkhano wa kusintha kwa nyengo m'nyumba zogona alendo za m'mbali mwa nyanja yomweyi, kusainirana maalawansi, kugula chambo ndi batala pobwerera, osaponda ndi phazi lomwe m'mudzi umene uli kuseri kwa mpanda. Kumudzi nakonso tazolowetsana zoipa: msonkhano wopanda kangachepe anthu sabwera, ndipo mitengo yobzalidwa ndi pulojekiti imapsa ndi moto wa kutchire anthu akuonerera, poti amati ndi ya bungwe. Kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, kuja kwa Cashgate, kunapatsa opereka chifukwa chomveka chotikayikira, ndipo mabungwe ena a m'chikwama, opanda ofesi ndi ntchito yooneka, amaonjezera mchere pachilonda. Bungwe loyang'anira mabungwe la NGORA lakhala likudandaula kuti ambiri sapereka malipoti awo a pachaka. Amene akufuna kukhulupiriridwa ayambe watsegula mabuku ake. Tionjezerepo kuti m'makomiti ambiri a kudoko amuna ndiwo amayankhula, pamene oyanika, okazinga ndi ogulitsa nsomba, otunga madzi ndi otola nkhuni ndi amayi. Chilungamo chimene tikupempha kwa azungu chiyenera kufikanso kwa iwo.

Mawu apadera apite kwa Amalawi ndi Aafirika ena amene tsopano akugwira ntchito m'kati mwa mabungwe opereka ndalama, ku Lilongwe, ku Nairobi, ku Johannesburg ngakhale ku London. Chiwerengero chawo chakwera m'zaka 10 zapitazi, ndipo ichi n'chimodzi mwa zosintha zenizeni. Ntchito yawo ndi yowawa. Kumudzi amaonedwa ngati azungu akuda, ku ofesi amaitanidwa pojambula chithunzi cha lipoti la pachaka koma osati pogawa bajeti. Komabe ali ndi mphamvu zimene ena alibe. Ndiwo angauze mabwana awo kuti fomu ifupike ndipo ilandiridwe m'Chichewa, m'Chitonga kapena m'Chitumbuka, ngakhale pa mawu ojambulidwa pa WhatsApp. Ndiwo angaumirire kuti kabungwe ka kumudzi kapatsidwe ndalama za zaka zisanu osati za miyezi 12, pamodzi ndi za lendi ndi malipiro, popeza mtengo wa m'bawa sukula pa chaka chimodzi. MacKenzie Scott wa ku America wapereka mabiliyoni a madola kuyambira 2020 popanda kulamula olandira mmene azigwiritsira ntchito, ndipo dziko silinagwe. Amene ali m'katimo asayesedwe ndi kuchuluka kwa misonkhano ya za tsankho imene apitako, koma ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zasamukira m'manja mwa eni dera iwo ali pampando.

Kutsogoloku zinthu zithina. Mu Januwale 2025 boma la Donald Trump linaimitsa thandizo la kunja ndi kuyambanso kutuluka m'pangano la ku Paris, ndipo pofika Julayi USAID inali itatsekedwa. Britain, imene inatsitsa kale thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake mu 2021, yalengeza kuti ifika pa 0.3 pofika 2027. Ku Baku mayiko osauka anapempha madola 1.3 thililiyoni pa chaka, n'kulonjezedwa 300 biliyoni pofika 2035. Thumba lija la zotayika ndi zoonongeka linayamba ndi malonjezo a madola pafupifupi 700 miliyoni ku Dubai mu 2023, ndalama zongofanana ndi zimene Malawi yekha ankafuna pambuyo pa namondwe mmodzi. Ku Belém mu Novembala 2025 anagwirizana zoti ndalama zothandiza mayiko kupirira zichulukitsidwe katatu pofika 2035, koma takumbukirani kuti lonjezo la madola 100 biliyoni la ku Copenhagen mu 2009 linakwaniritsidwa mochedwa ndi zaka ziwiri. Maboma akamabwerera m'mbuyo chonchi, mawu a mabungwe achifundo a anthu olemera amakula, ngakhale kuti ndalama zawo zopita ku nkhani ya nyengo, malinga ndi ClimateWorks Foundation, sizifika 2 peresenti ya zonse zimene amapereka. Mabungwe amenewa savoteredwa ndi munthu, ndipo sayankha ku nyumba ya malamulo iliyonse. Choopsa n'chakuti ndalama zikachepa, mabungwe akuluakulu a kunja adzayamba kudzipulumutsa okha, ndipo oyamba kudulidwa adzakhala timabungwe ta kumudzi. Mwayi ulipo ndi wakuti ndalama zochepa sizingathenso kulipira mzere wautali uja wa odyerapo, ndipo wopereka wanzeru adzaona kuti njira yachidule yopita ku doko ndiyo yotsika mtengo.

Tisaiwalenso kuti kupereka si mwambo wa azungu okha. Boma la Nkhata Bay lamangidwa ndi ndalama za ana ake a ku Joni, ku Harare ndi ku migodi ya ku Zambia kwa zaka zoposa 100. Nyumba zamalata, maukonde, mainjini a maboti ndi fizi ya ana zachokera kumeneko. Amayi a Umanyano amasonkha za odwala ndi za maliro sabata ndi sabata popanda fomu. Ndalama zimenezi sizilowa m'malipoti a opereka thandizo, koma madzi atakwera mu 2024 ndizo zinayamba kufika, pa Airtel Money ndi pa Mpamba, mabungwe asanamalize kulemba mapulopozo. Chimene chikusowa ndi thumba la dera, loyendetsedwa ndi anthu a konkuno, la mabuku otseguka, limene ana a ku Chintheche okhala kunja, eni malo ogona alendo amene amadyera mchenga womwewu, ndi makampani a tiyi ndi mphira a ku Kawalazi ndi ku Vizara angaikemo kanthu. Dziko lino lili kale ndi zitsanzo za matumba oyendetsedwa ndi Amalawi, monga Malawi Environmental Endowment Trust ndi Tilitonse Foundation. Dera limene laika zake patebulo limayankhula ndi dona ngati mnzake, ndipo likhoza kukana pulojekiti imene silikuifuna.

Pempho lathu lipite kwa mafumu a m'mbali mwa nyanja, a Malanda, a Malengamzoma, a Fukamapiri ndi a Zilakoma, kwa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi kwa khonsolo ya Nkhata Bay. Palibe pulojekiti imene imayamba m'dera lino popanda chidindo chanu. Bungwe likadzabwera ndi nkhani ya mitengo, ya mbaula, ya nsomba kapena ya kaboni, lilandireni bwino monga mwa mwambo wathu, kenaka lipempheni bajeti yonse, osati ya tsiku lokhazikitsa lokha. Lifunseni kuti pa ndalamazo zingati zitsala m'boma lino, ndani wa konkuno ali m'bodi imene imagamula, ndiponso chidzatsale m'manja mwa anthu n'chiyani likadzachoka. Mayankhowo awerengedwe pabwalo, m'Chitonga, amayi a kudoko ali pomwepo. Bungwe loona mtima silidzavutika kuyankha. Limene likane, musadinde.